CAMILLO DE LELLIS WOYERA, MSILIKALI AMENE ANASOWA POGONA

Pa 14 Julayi chaka ndi chaka Eklezia amakumbukira Camillo de Lellis Woyera, nkhoswe ya odwala ndi ya onse amene amawasamala m'zipatala. Ojambula zithunzi amakonda kumuonetsa atavala mkanjo wakuda wa mtanda wofiira pachifuwa, ataweramira munthu wodwala pakama. Chithunzi chimenecho nchoona, koma chilipo china chimene sichionekaoneka m'matchalitchi: mnyamata wamtali, wansanza, wotsimphina, ataimirira pakhomo pa tchalitchi mu mzinda wa Manfredonia kumapeto kwa chaka cha 1574, chipewa chili m'manja, akupempha makobidi kwa anthu otuluka ku Misa. Anali msilikali amene nkhondo inamuthera, ndipo mafumu amene anawamenyera analibe nayenso ntchito. Analibe nyumba, analibe mbale womulandira, ndipo chisanu chinali chitayamba. Wofuna kumvetsa za woyera wa mtanda wofiira uja ayenera kuyambira pa wopemphapempha ameneyu.

Camillo anabadwa pa 25 Meyi 1550 m'mudzi wa Bucchianico, m'dera lamapiri la Abruzzo ku Italy, limene nthawi imeneyo linali mu ufumu wa Naples, pansi pa mfumu ya ku Spain. Bambo wake, Giovanni de Lellis, anali mkulu wa asilikali, munthu wa banja lomveka koma wopanda chuma, amene anatha zaka zake zambiri ali kunkhondo, namafika pakhomo ngati mlendo. Mayi wake, Camilla, anamubala atakula kale, ndipo anamwalira mwanayo ali ndi zaka ngati 13. Kuyambira apo panalibenso womulangiza. Sukulu anaida, chimene anaphunzira msanga ndi mwaluso ndicho njuga. Anakula nakhala chimphona, msinkhu wake pafupifupi mamita awiri, wamtima wapachala ndi wokonda ndewu, kotero kuti aliyense anaoneratu kuti adzaponda m'mapazi a bambo wake.

Owerenga asaganize za asilikali a masiku ano, amene amalembedwa m'buku la boma, nalandira malipiro mwezi ndi mwezi. Usilikali wa zaka zimenezo unali ganyu. Mfumu ikafuna nkhondo inkapangana ndi akapitao, akapitaowo naimbitsa ng'oma m'mizinda kusonkhanitsa amuna. Malipiro ankachedwa miyezi yambiri. Nkhondo ikatha, kapena chisanu chikaletsa zombo kuyenda panyanja, gulu lonse linkabalalitsidwa padoko pomwe latsikira, wina alibe mkono, wina ali ndi malungo, wina kwawo kuli kutali ulendo wa mwezi wathunthu. Nyumba yoti iwalandire chifukwa cha usilikali wawo kunalibe. Ku France kunali mwambo wakale woti mfumu itumize msilikali wolumala kunyumba ya amonke kuti akamsunge, koma malo anali ochepa, ndipo kawirikawiri amonke ndi asilikali sankamvana. Kwa otsala onse kunatsala kupemphapempha, kudikira nkhondo ina, kapena kulowa m'tchire kukakhala achifwamba. Ndipo m'mapiri a Italy achifwamba otere anachuluka zedi. Anthu a m'mizinda ankawaopa asilikali oyendayendawa, ndipo mantha awo sanali opanda chifukwa. Koma munthu woopedwa sayalidwira mphasa msanga.

Umu ndimo analowa Camillo asanakwanitse zaka 20. Iye ndi bambo wake ananyamuka kukalembetsa m'gulu lankhondo la Venice, limene linkakonzekera kumenyana ndi anthu a ku Turkey. Ali m'njira onse awiri anadwala, ndipo bambo uja anamwalira ku Sant'Elpidio a Mare, pafupi ndi Loreto, osasiyira mwana wake kanthu koposa zida zake. Nthawi yomweyo paphazi pa Camillo panatuluka kachilonda kooneka ngati kachabe. Sanadziwe kuti chilonda chimenecho adzalowa nacho m'manda patapita zaka zoposa 40. Tsiku lina, ali wotopa ndi wachisoni, anaona abulazala awiri a chipani cha Fransisko Woyera akuyenda modzichepetsa, nasirira mtendere wawo, nalonjeza kuti adzakhala mmodzi wa iwo. Anapita ku L'Aquila, kumene mbale wina wa banja lawo anali mkulu wa nyumba ya chipanicho, koma mkuluyo anaona kuti lonjezolo linabadwa ndi kutopa, osati ndi kulapa, nambweza.

Mu Malichi 1571 analowa m'chipatala cha San Giacomo ku Roma, chimene chinkalandira anthu a matenda osachiritsika. Popeza analibe ndalama, anagwira ntchito yotumikira odwala kuti apeze mankhwala ndi pogona. Anali wantchito woipa ndithu. Ankasiya odwala okha natsikira kumtsinje wa Tiber kukatchova njuga ndi opalasa mabwato, ankakangana ndi anzake, ndipo potha chakacho anamuchotsa chilonda chisanapole. Nkhondo yotchuka ya panyanja ya Lepanto, imene inachitika pa 7 Okutobala 1571, inamudutsa iye ali kutali. Anabwerera ku usilikali, natumikira Venice m'madera a Dalmatia ndi Corfu, kumene anadwala kwambiri nafika pafupi kufa. Venice itapangana mtendere ndi Turkey mu 1573, analembetsa m'gulu la Spain, limene linkalimbirana mzinda wa Tunis kumpoto kwa Africa. Koma mu 1574 a ku Turkey anaulandanso mzindawo, ndipo asilikali anabwezedwa. Pa ulendo wochokera ku Palermo kupita ku Naples namondwe anatsala pang'ono kumiza chombo, Camillo nabwerezanso lonjezo lake lija mwamantha. Atangoponda pamtunda analiiwala.

Ku Naples gulu lake linabalalitsidwa. Kandalama kamene analandira kanathera m'njuga, kenaka lupanga, mfuti, zotengera wonga, chofunda, mpaka malaya a pathupi pomwe. Kutaya lupanga ndi mfuti kunali kwakukulu kuposa kutaya ndalama, pakuti zimenezo ndizo zinali khasu lake, ndipo ntchito ina sankaidziwa. Pamodzi ndi msilikali mnzake dzina lake Tiberio anaoloka dziko wapansi kupita ku Manfredonia, doko la kunyanja ya Adriatic, akuyembekeza kuti mwina kumveka nkhondo yatsopano. Sikunamveke kanthu. Pa 30 Novembala, tsiku la Andrea Woyera, njala inapambana manyazi, ndipo mwana wa mkulu wa asilikali anaima pakhomo pa tchalitchi nayamba kupempha.

Mwa anthu amene anamuona tsikulo munali nkhalamba ina yolemekezeka, Antonio di Nicastro, imene inkayang'anira zomangamanga za abulazala a chipani cha Capuchin mumzindamo. Antonio sanamponyere kobidi ndi kupitirira monga ankachitira ena. Anaima, nayang'ana mapewa a mnyamatayo, namfunsa ngati angalole kugwira ntchito pa nyumba imene abulazala ankamanga, kumene akapeze chakudya ndi pogona. Camillo sanavomere pomwepo. Kwa msilikali wa banja lomveka, kusenza miyala kunali konyozeka kuposa kupempha; ndiponso Tiberio sanafune kumva za ntchito yotere. Awiriwo anauyamba ulendo wa ku Barletta. Atayenda mtunda ndithu anakomana ndi anthu amene anawauza kuti kumenekonso ntchito kulibe. Apo Camillo anasiyana ndi mnzake, natembenuka, nabwerera yekha ku Manfredonia.

Anampatsa abulu awiri oti azituta nawo miyala, madzi ndi laimu. Ana a mumzinda ankamtsatira akumseka, chifukwa chinali chinthu choseketsa kuona chimphona cha nsanza za usilikali chikukusa abulu, ndipo kangapo konse anafuna kutaya ntchito ndi kuthawa. Abulazala ataona kuti akunjenjemera ndi chisanu anafuna kumpatsa nsalu ya mtundu wa mikanjo yawo. Iye anayamba wakana, poopa kuti ndi msampha womkokera m'chipani, mpaka kuzizira kunamgonjetsa. Mumtima mwake anali asanasinthe konse. Cholinga chake chinali kupulumuka chisanu, kusunga timakobidi, ndipo nyengo ikafunda abwerere kunkhondo ndi kunjuga.

Apa mpofunika kuimapo pang'ono. Antonio ndi abulazala aja sanayambe ndi kumfunsa Camillo ngati waleka njuga kapena ngati walapa. Akanatero akanamva bodza, kapena akanamuona akupita. Anampatsa denga, mbale ya chakudya ndi ntchito yoti adzukire m'mawa, ali munthu wosadalirika monga analiri, ndipo anapirira naye miyezi iwiri osaona chipatso chilichonse. Mabuku ambiri a moyo wake amathamangira tsiku la kutembenuka mtima kwake, ngati kuti linagwa kuchokera kumwamba popanda chokonzera. Chaulere cha Mulungu nchimene chinamtembenuza, inde. Koma chinampeza atagona m'nyumba, atadya, ali pakati pa anthu amene ankamuitana ndi dzina lake. 

Pa 1 Febuluwale 1575 anamtuma ndi bulu kunyumba ya chipanicho ku San Giovanni Rotondo, kumene patapita zaka pafupifupi mazana atatu ndi theka kunadzakhala Padre Pio. Madzulo ake mkulu wa nyumbayo, Bambo Angelo, anacheza naye m'munda, namuuza mau ochepa ndi osavuta onena za Mulungu ndi za kuipa kwa tchimo. M'mawa mwake, pa 2 Febuluwale, tsiku la kuperekedwa kwa Ambuye m'Nyumba ya Mulungu, ali pa ulendo wobwerera pakati pa miyala ya phiri la Gargano, mau aja anamlasa. Anatsika pa bulu, nagwada pansi m'njira momwemo, nalira kwambiri chifukwa cha zaka zimene anataya, napempha Mulungu kuti ampatse nthawi yolapa. Anali ndi zaka 24. Kuyambira tsikulo sanakhudzenso njuga.

Anapempha kulowa chipani cha Capuchin ndipo anamlandira, koma mkanjo wokhakhala unkakhula chilonda chija mpaka chinatsegukanso, ndipo anamtulutsa. Anabwerera ku San Giacomo, kumene anamchotsa kale mwamanyazi, natumikira zaka pafupifupi zinayi mokhulupirika. Mu 1579 anayesanso kwa abulazala, ngakhale Filippo Neri Woyera, amene ankamva kulapa kwake, anamletsa. Chilonda chinayambanso, ndipo khomo limenelo linatsekeka mpaka kale. Akuluakulu a San Giacomo anamuika kukhala kapitao wa nyumba yonse.

Zipatala za nthawi imeneyo zinali malo a anthu osauka okha, chifukwa olemera ankadwalira kunyumba kwawo. M'menemo munkagona alendo, opemphapempha, ndi asilikali akale a zilonda zosapola monga chake. Otumikira anali aganyu olandira zochepa, ndipo ambiri anali monga analiri iye mu 1571: odwala ankagona pa zonyansa zawo, ankafa ndi ludzu madzi ali pafupi, ndipo ena ankanyamulidwa kupita nawo kwa akufa mpweya usanathe. Camillo sanafunike womuuza zimene wantchito waulesi amachita usiku kapitao akagona. Mu Ogasiti 1582 anaganiza zosonkhanitsa amuna amene angatumikire odwala popanda malipiro, mwachikondi chonga cha mayi kwa mwana wake mmodzi yekha. Anapeza anzake asanu, namapemphera nawo m'kachipinda ka m'chipatalamo. Koma eni chipatala anaopa kuti akufuna kuwalanda ulamuliro, nawaletsa. Anaona tsono kuti ayenera kukhala wansembe. Ali ndi zaka 32 anakhala pabenchi limodzi ndi anyamata ang'onoang'ono kuphunzira Chilatini, ndipo amene anasekedwa ndi ana a ku Manfredonia sanaopenso kusekedwa ndi ana a sukulu. Anadzozedwa unsembe pa 26 Meyi 1584 ndi Ambuye Thomas Goldwell, episkopi wa St Asaph ku Wales, amene anathawa kwawo chifukwa cha chikhulupiriro, munthu wopanda nyumba nayenso.

Iye ndi anzake anachoka ku San Giacomo nayamba kutumikira m'chipatala chachikulu cha Santo Spirito. Mu 1586 Apapa Sixtus V anavomereza gulu lawo, nawalola kuvala mtanda wofiira pamkanjo. Ndipo mu 1591 Apapa Gregory XIV analikweza kukhala chipani chathunthu cha Atumiki a Odwala. Pa malonjezo atatu a masiku onse, a umphawi, kudzisunga ndi kumvera, anaonjezapo lachinayi: kutumikira odwala ngakhale a mliri, ngakhale moyo wawo ukhale pangozi.

Lonjezo limenelo linayesedwa koyamba pa asilikali. Mu 1588 anatsegula nyumba ku Naples, mzinda umene anatayirako malaya ake. Posakhalitsa kunafika zombo zodzaza asilikali a Spain ogwidwa ndi malungo opatsirana, ndipo akuluakulu a mzinda, poopa mliri, anazitumiza ku Pozzuoli kuti odwalawo akhale kutali ndi anthu. Kumeneko ankangofa popanda wowapatsa ndi madzi omwe. Ana a Camillo anapita, nawasambitsa, nawadyetsa, nakhala pambali pa akufa. Ndipo ena mwa iwo anatenga matendawo namwalira, nakhala oyamba m'chipanicho kupereka moyo chifukwa cha lonjezo lachinayi. Anafera anthu amene anali monga analiri bambo wawo wauzimu zaka 15 m'mbuyomo: asilikali otsitsidwa padoko, amene mzinda sunawafune.

M'zaka za 1590 ndi 1591 ku Roma kunagwa njala yoopsa pamodzi ndi matenda, ndipo anthu osowa pokhala anadzaza mzinda. Camillo sanadikire kuti abwere okha kuchipatala, pakuti ankadziwa kumene munthu wotere amabisala usiku wachisanu ndiponso manyazi amene amamletsa kugogoda pakhomo. Ankatuluka ndi anzake kukawafunafuna m'makola a akavalo, m'mapanga ndi m'mabwinja a mzinda wakale, atanyamula buledi, msuzi ndi zovala. Osatha kuyenda ankawabereka kumsana. Anapempha nyumba kwa akuluakulu kuti awagonekemo, ndipo pamene boma linalamula kuti opemphapempha achilendo achotsedwe mumzinda, iye anawapembedzera molimba. Ambiri a chipani chake chaching'onocho anafa m'miyezi imeneyo. Ena ankamdzudzula kuti amapatsa ndi anthu achinyengo omwe, amene akagulitse malaya awapatsawo nakatchova njuga. Iye ankadziwa bwino kuti zimenezo zimachitika, popeza anazichitapo mwini wake, ndipo sanaleke kupatsa.

Sanali munthu wofewa pa zonse ayi. Ukali wa usilikali sunamthere. Ankalamula ngati kapitao wa nkhondo, ndipo pamene anaumirira kuti ana ake asenze ntchito zonse za m'zipatala, kuyambira kusesa mpaka kuphika, ambiri anatopa, ena anadwala, ndipo m'chipani munabuka mkangano umene unatha zaka zingapo, kufikira Apapa Clement VIII anauweruza mu 1600. Ngongole nazonso zinamchulukira, chifukwa sankadziwa kuwerengera ndalama pamene waona munthu wosowa.

Mu 1595 Apapa omwewo atatumiza asilikali ku Hungary kukamenyana ndi a ku Turkey, Camillo anatumiza ana ake kuti atsagane nawo, azisamala ovulala ndi odwala m'misasa. Anateronso mu 1601 pa nkhondo ya ku Kanizsa. Chotero mtanda wofiira unaoneka pakati pa ovulala pankhondo zaka zoposa 260 lisanabadwe bungwe la Red Cross la ku Geneva. Komabe si bwino kunena kuti bungwelo linatengera kwa iye, pakuti chizindikiro chake chinachokera ku mbendera ya Switzerland. Pa Khirisimasi ya 1598 mtsinje wa Tiber utasefukira nulowa m'chipatala cha Santo Spirito, Camillo ndi anzake ochepa anachezera usiku wonse m'madzi kusamutsira odwala kuchipinda chapamwamba.

Nyumba za chipani chake zinafalikira ku Milan, Genoa, Bologna, Florence, Ferrara, Messina, Palermo ndi Mantua. Mu 1607 anatula pansi udindo wa mkulu wa chipani, nabwerera kukhala wotumikira wamba ku Santo Spirito, akukoka mwendo wake wotupa kuchokera pakama ina kupita pa ina. Anamwalira ku Roma pa 14 Julayi 1614, ali ndi zaka 64, m'nyumba ya chipani chake pafupi ndi tchalitchi cha Maria Magdalena Woyera, m'mene muli mafupa ake. Apapa Benedict XIV anamtchula Wodala mu 1742 ndi Woyera mu 1746. Apapa Leo XIII mu 1886 anamuika kukhala nkhoswe ya odwala ndi zipatala pamodzi ndi Yohane wa Mulungu Woyera, amenenso anali msilikali asanatsegule nyumba ya osauka ku Granada. Ndipo Apapa Pius XI mu 1930 anawaika onse awiri kukhala ankhoswe a anamwino.

Mafumu anachedwa kuchita zimene anachita Antonio di Nicastro. Ku England lamulo la 1593 linakakamiza maparishi kusonkha ndalama zothandizira asilikali olumala, koma nyumba yaikulu ya ku Chelsea inayambidwa ndi mfumu Charles II mu 1682, nilandira asilikali ake oyamba mu 1692. Ku France mfumu Louis XIV inalamula mu 1670 kuti mumzinda wa Paris mumangidwe nyumba ya Les Invalides, ya asilikali okalamba ndi olumala, yokhala ndi zipinda zogona, chipatala, tchalitchi ndi malo ogwiriramo ntchito zamanja. Oyamba analowamo mu 1674, patapita zaka 100 chiimire Camillo pakhomo pa tchalitchi cha ku Manfredonia.